Kukonza riboni ndi njira zachidule mu AutoCAD kuti zigwirizane ndi ntchito yanu

Munthu wojambula mapulani a nyumba pa AutoCAD amagwiritsa ntchito makomandi ochepa, koma amabwereza omwewo kuyambira m'mawa mpaka madzulo: kulemba mzere, kukopera, kudula, kutalikitsa, kuika miyeso, kusintha leya (gulu limene mumaikamo mizere yofanana ntchito, monga ya makoma). Riboni, mzere wa mabatani uja uli pamwamba pa sikirini, kampani ya Autodesk inaiyambitsa mu AutoCAD 2009 ndipo inaikonzera aliyense, wojambula zitsulo za makina, wa misewu, wa mapaipi. N'chifukwa chake mabatani amene inuyo mumawafuna ali omwazikana pa ma tab, omwe ndi masamba a riboni, lina pa Home, lina pa Annotate, lina pa Output. Pa laputopu ya sikirini yaing'ono, ngati zimene ophunzira ambiri a ku Mzuni ndi ku Mzuzu Technical College amayenda nazo, mapanelo, timagulu ta mabatani a pa riboni, amafinyikana mpaka ena kusanduka timabokosi tofuna kudina kawiri musanaone zamkati mwake.

Zonsezi zimatheka kukonza masana amodzi. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritse kuyambira pachiyambi: zanu zonse muziike mu fayilo yanuyanu, osati mu fayilo yaikulu ya pulogalamu yotchedwa acad.cuix. Anthu ambiri amayamba ndi kusuntha mabatani mu fayilo yaikuluyo. Zimagwira ntchito ndithu, mpaka tsiku limene laputopu yapita kwa okonza n'kubwerako atalowetsamo Windows yatsopano, kapena mwalembedwa ntchito ku ofesi ina, kapena mwaika AutoCAD ya chaka china. Pamenepo zonse zimasowa. Fayilo yanuyanu imakwana pa fulashi ndipo imalowa pa kompyuta iliyonse.

Musanakhudze chilichonse

Choyamba dziwani makomandi amene mumagwiritsadi ntchito, osati amene mukuganiza kuti mumagwiritsa ntchito. Mukamaliza kujambula pulani imodzi, musanatseke, dinani F2. Padzatseguka ndandanda ya makomandi amene mwapereka. Lembani papepala amene akubwerabwera. Chitani zimenezi pa mapulani awiri kapena atatu osiyana, mwachitsanzo nyumba yogona ya ku Katoto, mashopu, ndi pulani ya puloti. Mudzapeza kuti ndandandayo ndi yaifupi, ndipo ndi imeneyo imene tikonzere malo. Kalipentala samangirira zida zonse za m'shedi m'chiuno mwake, amangotenga hamala, tepi ndi pensulo, zinazo amazitsatira zikafunika.

Kenako sungani kope ya mafayilo awiri mmene alili panopa. Lembani OPTIONS, pitani pa Files, tsegulani Customization Files, ndipo mudzaona foda imene muli acad.cuix. Mu foda yomweyo ya Support mulinso acad.pgp. Koperani onse awiri muwaike pambali. Amene muli ndi AutoCAD LT, mayina ake ndi acadlt.cuix ndi acadlt.pgp.

Kupanga fayilo yanu

Lembani CUI n'kudina Enter, kapena pitani pa Manage ndi kudina User Interface. Padzatseguka windo lotchedwa Customize User Interface, ndipo pamwamba pake pali masamba awiri, Customize ndi Transfer. Pitani pa Transfer. Mbali ya kumanja dinani kabatani kopangira fayilo yatsopano, kenako Save As. Ipatseni dzina lalifupi lopanda mpata, monga ZANGA, ndipo muisunge mu foda imene simungaifufute mwangozi. Musaisiye pa Desktop kapena mu Downloads. Foda ngati C:\CAD-ZANGA ndi yabwino, chifukwa njira yake imakhala yomweyo pa kompyuta iliyonse imene mungaikoperepo.

Tsekani windolo, lembani CUILOAD, dinani Browse, sankhani ZANGA.cuix ndi kudina Load. Mukabwereranso mu CUI mudzaipeza pansi pa Partial Customization Files. Pamwamba kumanzere pali kabokosi kosankhira fayilo imene mukukonza. Sankhani ZANGA. Nthawi zonse musanapange chinthu chatsopano yang'anani kabokosika, chifukwa chimene mwapanga chimalowa mu fayilo imene yasankhidwa, ndipo n'kosavuta kuiwala n'kudzaza acad.cuix osadziwa.

Makomandi anuanu

Apa ndiye pali phindu lenileni. Kuika batani la LINE pamalo ena sikupulumutsa nthawi yambiri, chifukwa kulemba L n'kwachangu kale. Batani lothandiza ndi lija lochita zinthu zitatu kapena zinayi mukangodina kamodzi. Pansi kumanzere pali Command List, ndipo pambali pake kabatani ka nyenyezi kopangira komandi yatsopano. Mukakadina, kumanja kumatuluka malo olemba Name, Description ndi Macro. Mu Macro mumalemba ndendende zimene mukadalemba pa kiyibodi, pogwiritsa ntchito zizindikiro zochepa.

Chizindikiro ^C^C chimakhala kumayambiriro, ndipo chili ngati kudina Esc kawiri kuti komandi imene inali mkati ithe kaye. Chizindikiro ; chikuimira Enter. Kamzere kapansi _ kamachititsa kuti komandiyo imveke ngakhale pa AutoCAD ya chilankhulo china. Kamzere kapakati - kamauza pulogalamu kuti isatsegule windo koma ifunse mafunso ake pa mzere wa makomandi, zimene n'zofunika chifukwa makro satha kudina mabatani a m'windo. Chizindikiro \ chimaimitsa makro kuti inu mudine kapena kulemba chinachake, ikatero n'kupitiriza.

Tiyambe ndi makoma. Lembani izi mu Macro:

^C^C_-layer;_make;MAKOMA;_color;1;;;_pline

Makroyi imapanga leya ya MAKOMA ngati palibe, ndipo ngati ilipo imangoisankha. Imaipatsa mtundu nambala 1, womwe ndi wofiira, kenako imayambitsa PLINE. Onani zizindikiro zitatu zija pambuyo pa 1. Choyamba chikutsimikiza mtundu, chachiwiri chikuvomereza kuti mtunduwo ndi wa leya yomweyi, chachitatu chikutseka komandi ya LAYER. Mukasiya chimodzi, pulogalamu imatenga mawu oti pline ngati yankho la funso lina n'kukakamira pomwepo. Makro zambiri zikakana, vuto limakhala limeneli, kuchuluka kapena kuchepa kwa ma Enter. Njira yopewera ndi kuyamba mwalemba komandiyo pamanja, n'kumawerenga kuti mwadina Enter kangati. Musaikenso mpata m'dzina la leya, chifukwa mu makro mpata umawerengedwa ngati Enter. Lembani MADZI-OIPA, osati mawu awiri otalikirana.

Chitani chimodzimodzi ndi ZITSEKO, MAZENERA, DENGA ndi MAZIKO, mukungosintha dzina, mtundu ndi komandi yakumapeto. Phindu lake mudzaliona posindikiza. Mapulani ambiri amene amatuluka ndi mizere yonenepa mofanana, khoma ndi chitseko osasiyana, amakhala kuti wojambulayo anathamanga n'kujambula zonse pa leya imodzi. Batani likamasintha lokha leya, ulesi umenewo sukhalanso ndi mpata, ndipo pulani yopita ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu imawerengeka bwino kwa woiyang'ana komanso kwa folomani pa saiti.

Chachiwiri ndi kunenepa kwa khoma:

^C^C_offset;230;

Iyi ndi ya khoma la njerwa yathunthu, mamilimita 230. Pangani ina ya 115 ya makoma ogawa zipinda. Popeza malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ntchito zambiri tsopano ndi za mabuloko a simenti, choncho onjezerani za 150 ndi 200. Mabatani anayi amenewa ndi amene mudzawadine kwambiri. Koma samalani ndi muyeso umene fayilo ikugwiritsa ntchito. Ojambula nyumba amajambula m'mamilimita, pamene masaveya amajambula m'mamita. Mukalandira fayilo ya puloti kuchokera kwa saveya n'kudina batani la 230, mzere udzathawira mamita 230 kutali. Ngati mumagwira ntchito kawirikawiri pa mafayilo a masaveya, zomwe kuno ku Mzuzu n'zosapeweka chifukwa mapuloti ambiri a ku Masasa, ku Chiputula ndi ku Mchengautuwa ali pa zitunda ndipo simungajambule maziko osadziwa kutsetsereka kwake, pangani mabatani ena a 0.23 ndi 0.15, muwalembe mayina osonyeza kuti ndi a mamita.

Chachitatu, chitsanzo cha makro yodikira inu:

*^C^C_circle;\55;

Imadikira kuti mudine pakati, n'kujambula chozungulira cha paipi ya mamilimita 110. Kanyenyezi ka kumayambiriro kamachititsa kuti izingobwereza mpaka mutadina Esc. Popeza \ ndi chizindikiro choimitsa, mukafuna kulemba njira ya foda mkati mwa makro gwiritsani ntchito / m'malo mwake.

Yomaliza imene ndimailimbikitsa kwa aliyense ndi yotsuka fayilo musanaitumize:

^C^C_-purge;_all;*;_no;_audit;_yes;_qsave

Imachotsa maleya ndi zinthu zina zosagwiritsidwa ntchito, imakonza zolakwika za mkati mwa fayilo, n'kusunga. Fayilo imapepuka, ndipo amene amatumiza mapulani ndi bandulo ya pafoni akudziwa kufunika kwake. Chenjerani kokha kuti musaidine pa fayilo yoyambira imene muli maleya opanda kanthu amene mukuwasungira mtsogolo, chifukwa idzawasesa.

Komandi iliyonse ipatseni chithunzi. Pamwamba kumanja pali Button Image, sankhani chimodzi mwa zimene zilipo. Musataye nthawi kujambula zithunzi zanu, dzina lomveka ndi limene limathandiza.

Panelo ndi tab

Pa mtengo wa kumanzere, ndandanda ya nthambinthambi ya mu CUI, tsegulani Ribbon. Dinani kumanja kwa mausi pa Panels ndi kusankha New Panel. Itcheni Makoma. Mkati mwake mudzapeza Row 1 komanso mzere wolembedwa SLIDEOUT. Kokani makomandi anu kuchokera mu Command List n'kuwaponya pa Row 1. Chilichonse chimene mwaika pamwamba pa SLIDEOUT chimaoneka nthawi zonse, ndipo cha pansi pake chimabisika mpaka mutadina dzina la panelo. Pansipo ikanipo zofunika mwa apo ndi apo.

Dinani batani lililonse muone Button Style kumanja. Large with Text imapereka batani lalikulu lokhala ndi dzina, Small with Text laling'ono lokhala ndi dzina, Small without Text kachithunzi kokha. Pa sikirini yaing'ono batani lalikulu likhale limodzi pa panelo. Kuti ang'onoang'ono asanjikizane, dinani kumanja pa Row 1, sankhani New Sub-Panel, ndipo mkati mwake pangani mizere itatu ndi New Row. Mabatani anayi a kunenepa kwa khoma aja mukhozanso kuwaika pamodzi ndi New Drop-down kuti atenge malo a batani limodzi, ngakhale ine ndimaona kuti kuwabisa choncho kumabweza kudina kumene timafuna kuchotsa. Ndi bwino awonekere onse.

Pangani mapanelo ena awiri kapena atatu, monga Miyeso ndi Kutulutsa. Pa Kutulutsa ikanipo PLOT, EXPORTPDF ndi makro yotsuka ija. Kuti muone makomandi a pulogalamu mu Command List, bwezani kabokosi ka pamwamba kaja pa All Customization Files, tsegulani ZANGA pansi pa Partial Customization Files, n'kumakoka kuchokera pamenepo. Pa nkhani ya miyeso, kuyambira AutoCAD 2016 pali DIMLAYER, imene mukaipatsa dzina la leya, miyeso yoikidwa ndi komandi ya DIM imapita yokha pa leya imeneyo. HPLAYER imachita zomwezo pa hatch, timizere todzazira malo pa chojambula.

Panelo siioneka yokha, iyenera kukhala pa tab. Dinani kumanja pa Tabs, sankhani New Tab, itcheni Zanga. Kokani mapanelo anu kuwaponya pa tab imeneyo, kapena dinani kumanja pa panelo, Copy, kenako Paste pa tab. Mukadina tab, kumanja muone Default Display ndipo ikhale pa Add to workspaces.

Tab ikakana kuoneka

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Amadina Apply, amadina OK, pa riboni osaoneka kanthu, n'kuganiza kuti ntchito yonse yapita pachabe. Sinapite. Chimene chimalamula zooneka pa sikirini ndi workspace, ndipo workspace imakhala mu fayilo yaikulu. Tsegulaninso CUI, sankhani All Customization Files, pansi pa Workspaces dinani imene mukugwiritsa ntchito, nthawi zambiri Drafting & Annotation. Kumanja dinani Customize Workspace. Kumanzere kudzatuluka timabokosi tochongamo. Tsikani mpaka pa ZANGA, tsegulani Ribbon ndi Tabs, chongani Zanga, dinani Done, kenako Apply. Mbali ya kumanja yomweyo mukhoza kukoka tab yanu kuti ikhale yoyamba.

Ikaoneka, lembani WSSAVE n'kusunga workspace ndi dzina lanu. Mu workspace imeneyi mukhoza kubisa ma tab amene simuwakhudza: dinani kumanja pa riboni, Show Tabs, chotsani chizindikiro pa osafunika. Sanafufutike, angobisika. Riboni yonse ikasowa, lembani RIBBON ndipo ibwerera.

Kiyibodi

Dzanja lamanja lili pa mausi, lamanzere liyenera kukhala pa kiyibodi. Pali njira zitatu zosiyana, ndipo anthu amazisokoneza.

Yoyamba ndi zilembo zachidule za mu acad.pgp, monga L ya LINE, TR ya TRIM, CO ya COPY, O ya OFFSET. Pa Manage dinani Edit Aliases, fayiloyo itseguke mu Notepad. Tsikani mpaka kumapeto kwenikweni, pagawo la User Defined Command Aliases, mulembe zanu mzere uliwonse motere:

CC, *COPY
FF, *OFFSET
DD, *DIMLINEAR
WW, *MATCHPROP

Zilembo zonsezi zili kumanzere kwa kiyibodi, choncho simuchotsa dzanja pa mausi. Lembani kumapeto chifukwa chilembo chikalembedwa kawiri mu fayiloyi, chomaliza ndi chimene chimagwira ntchito. Sungani, bwererani mu AutoCAD, lembani REINIT, chongani PGP File ndi kudina OK. Ambiri amakonda kusintha C kuti ikhale COPY m'malo mwa CIRCLE. Ngati kompyuta ndi yanu nokha, palibe vuto. Ngati ndi ya pa ofesi imene mumasinthana anthu atatu, kapena ya m'chipinda chophunzirira, musatero. Onjezerani zatsopano, zakale zisiyeni, mnzanu asadzavutike n'kumaganiza kuti pulogalamu yawonongeka. Dziwaninso kuti fayiloyi imangoitana komandi imodzi, siilandira makro.

Makro zanu zija zimafuna njira yachiwiri. Mu CUI tsegulani Keyboard Shortcuts pansi pa ZANGA, kokani komandi yanu kuiponya pa Shortcut Keys, kenako kumanja dinani Key(s) ndi kabatani ka timadontho titatu. Dinani makiyi amene mukufuna, mwachitsanzo Ctrl+Shift+D. Windo lomwelo limakuuzani ngati makiyiwo ali kale ndi ntchito ina. Musalande Ctrl+1 ya Properties, Ctrl+3 ya Tool Palettes, Ctrl+9 ya mzere wa makomandi, Ctrl+Shift+C yokopera posankha poyambira, kapena F3 ndi F8 za osnap (yogwira nsonga kapena pakati pa mzere) ndi ortho (yowongola mizere). Kiyi imodzi yokha imene ndimavomereza kulanda ndi F1. Ili pafupi ndi Esc, chala chimaphonya, ndipo windo la Help limayamba kufunafuna intaneti inu mukudikira. Pezani komandi ya Cancel mu Command List, iponyeni pa Shortcut Keys, ipatseni F1. Pa malaputopu ambiri makiyi a F amayamba ndi kukweza mawu kapena kuwala kwa sikirini, choncho muyenera kugwira Fn kapena kuyatsa Fn Lock.

Yachitatu ndi ya riboni yeniyeni. Mukadina Alt, pa ma tab pamatuluka tizilembo, ndipo mukalemba ta tab ina, tina timatuluka pa mabatani ake. Tab yanu ndi batani lililonse zili ndi malo olembedwa KeyTip mu CUI. Lembanimo zilembo ziwiri zimene sizinatengedwe kale. Njirayi ndi yochedwerapo, koma ndi yabwino pa makomandi amene simukufuna kuloweza makiyi ake, chifukwa zilembozo zimaoneka pa sikirini. Ngati mukungofuna batani limodzi lizioneka nthawi zonse, dinani kumanja pa batanilo n'kusankha Add to Quick Access Toolbar.

Kunyamula ndi kubwezeretsa

Mukamaliza, koperani foda ya CAD-ZANGA pa fulashi, muikemonso acad.pgp yanu, ndipo kope ina mudzitumizire pa imelo. Pa kompyuta ina, ikani fodayo pa C, lembani CUILOAD, lowetsani ZANGA.cuix, ndipo tab ikapanda kuoneka chitani za workspace zija. Za acad.pgp musalowetse fayilo yonse m'malo mwa imene ilipo, makamaka ngati AutoCAD yake ndi ya chaka china. Koperani mizere yanu yokha muiike kumapeto. Yesani zimenezi pa kompyuta ya mnzanu lero lomwe, mudine batani lililonse, musadikire tsiku limene laputopu yafa pulani ikufunika mawa lake. Mukamaliza ntchito pa kompyuta ya eni, CUIUNLOAD imachotsa fayilo yanu, koma mizere imene munaika mu acad.pgp muichotse nokha.

Musakonze CUI batire ili pafupi kutha magetsi atazima, chifukwa zimene mwasintha sizisungika mpaka mutadina Apply kapena OK. Zolowerani kudina Apply mukamaliza panelo iliyonse. Kusunga kodzichitikira kuja, kumene SAVETIME imakuika pa mphindi 10 zilizonse, kumateteza chojambula chokha, osati riboni.

Fayilo yaikulu ikasokonekera, mu CUI dinani kumanja pa ACAD pamwamba pa mtengo. Restore imabwezera mmene inalili musanasinthe komaliza, Reset imabwezera mmene inalili pulogalamu itangoikidwa. Ngati CUI yomwe ikukana kutseguka, tsekani AutoCAD, bwezerani acad.cuix imene munasunga poyamba paja, kapena pa Start ya Windows pezani Reset Settings to Default pansi pa AutoCAD. Imeneyi imafufuta zonse zimene munasintha, kuphatikizapo mizere yanu ya mu acad.pgp, choncho ikakufunsani sankhani kusunga kaye kope isanafufute. Kenako lowetsaninso ZANGA.cuix ndi CUILOAD, bwezerani mizere ija kumapeto kwa acad.pgp, ndi kulemba REINIT.